KALATA YOMWE IDABWERERA YOSATSEGULIDWA

Awa ndi mawu omwe adayankhula mnzathu wina wodziwa za malamulo pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga momwe adayankhulira.



Pomwe a Mlembi adalengeza kuti ndidzayankhula za ntchito ya maloya, ndidadziwa kuti ena mwa inu mukuganiza kuti ndabwera kudzaikira kumbuyo anzanga a mikanjo yakuda. Pepani, lero sinditero. Ndikufuna tikambirane za loya yemwe wachedwa kukapereka kalata ya apilo ku khothi, ndi funso loti akachedwa chotero, wolipira ndani.

Makolo athu adati mlandu suola. Kumudzi zimenezi n'zoona ndithu. Munthu akhoza kukadandaula kwa amfumu za malire a munda omwe adasunthidwa agogo ake ali moyo, ndipo bwalo limakhala. Koma ku khothi, ufulu wochita apilo umaola, ndipo umaola msanga. Lamulo limakupatsa masiku owerengeka kuchokera tsiku la chigamulo. Masikuwo akatha, chitseko chimatsekeka, ngakhale mfundo zako zikhale zomveka chotani.

Nkhani zomwe ndikambe n'za ku America. Ndasankha kumeneko chifukwa Khothi la Suprimu la dziko limenelo lakhala likulimbana ndi funsoli kwa zaka zoposa 30, ndipo m'milandu yambiri chomwe chinali pachiswe ndi moyo wa munthu. Kuti timvane, ndifotokoze pang'ono momwe zinthu zimayendera kumeneko. Dzikolo lili ndi zigawo 50, chigawo chilichonse ndi makhothi ake, ndipo pamwamba pali makhothi a boma lalikulu. Munthu akapezeka wolakwa amakhala ndi makwerero atatu. Loyamba ndi apilo ya masiku onse. Lachiwiri ndi dandaulo lina m'makhothi a chigawo chomwecho, momwe amanena zinthu zomwe sizikuoneka m'fayilo, monga zoti loya wake woyamba sadagwire bwino ntchito. Lachitatu ndi pempho lopita ku makhothi a boma lalikulu, lomwe amalitcha habeas corpus. Tsono chofunika kusunga n'chakuti ukaphonya tsiku pa khwerero lachiwiri, kawirikawiri lachitatunso limakukana.

Ndiyambe ndi munthu wina dzina lake Cory Maples, wa m'chigawo cha Alabama. M'chaka cha 1995, atachezera kumowa, adawombera anzake awiri ndi mfuti, onse n'kufa. Ndanena zimenezi poyera kuti wina asaganize kuti ndikukamba za mngelo. Adampeza wolakwa mu 1997. Popeza anali wosauka, khothi lidampatsa maloya awiri a boma. Malipiro awo anali madola 40 pa ola akakhala m'khothi ndi madola 20 pa ola akamagwira ntchito kunja, ndipo ntchito yonse ya kunjayo, kufunafuna mboni ndi kuwerenga mafayilo, sinkaloledwa kupitirira madola 1,000. Mwa awiriwo panalibe yemwe adagwirako gawo la mlandu lokambirana ngati munthu aphedwe kapena ayi. Pa anthu wamba 12 omvetsera mlandu, aja amati jury, anthu 10 adati aphedwe, awiri adakana. Akadakana mmodzi wina, chiwerengero chofunika kuti iwo apemphe chilango cha imfa sichikadakwana.

Apilo yoyamba idalephera. Pa khwerero lachiwiri, boma la Alabama pa nthawiyo silinkapereka loya kwa wamndende wosauka, ngakhale woyembekezera kuphedwa. Linkadalira maloya ongodzipereka ochokera m'makampani akuluakulu a m'zigawo zina. Maples adaoneka ngati wachita mwayi, chifukwa mlandu wake adautenga ndi maloya awiri achinyamata a ku Sullivan & Cromwell, imodzi mwa makampani otchuka kwambiri a maloya mu mzinda wa New York. Malamulo a Alabama ankafuna kuti loya wochokera kunja akhale ndi mnzake wa m'chigawomo womuperekeza. Adapeza wina wa mu mzinda wa Huntsville, yemwe adanena kuyambira pachiyambi kuti iye wangobwereketsa dzina, za mlanduwo sazikhudza. Mu Ogasiti 2001 adakapereka dandaulo la Maples, lonena kuti maloya ake oyamba aja sadamuimirire mokwanira.

Pakati pa chaka cha 2002, dandaulo lija lisadayankhidwe, maloya awiri a ku New York adasiya ntchito pakampanipo. Wina adakagwira ntchito kwa jaji, wina adapita ku Belgium kukagwira ntchito ku European Commission. Ntchito zatsopanozo sizinkawalola kupitiriza kuimira Maples. Palibe cholakwika munthu kupeza ntchito ina. Cholakwika n'chakuti sadamuuze Maples, sadauze khothi, ndipo sadapemphe chilolezo chosiyira mlandu monga momwe malamulo a Alabama ankafunira. M'mabuku a khothi maina awo adakhalabe pomwepo.

Pa 22 Meyi 2003 jaji adakana dandaulo la Maples. Kuyambira pamenepo anali ndi masiku 42 oti achite apilo. Kalaliki wa khothi adatumiza makope a chigamulo kwa maloya atatu aja. Kwa Maples mwini wake sadatumize, poti munthu yemwe ali ndi loya, makalata ake amapita kwa loya. Maenvulopu awiri adafika m'chipinda cha makalata ku Sullivan & Cromwell. Ogwira ntchito m'menemo adaona kuti eni ake adachoka, ndipo m'malo mopatsa loya wina adangowabweza osatsegula. Pa imodzi adalembapo ndi dzanja kuti mwini wake adasiya ntchito. Kalaliki uja atalandira maenvulopuwo sadachite kanthu, chikhalirecho m'fayilo munali manambala a lamya ndi ma adiresi a kunyumba a maloyawo. Loya wa ku Huntsville adalandira yake, adaona kuti anzake a ku New York nawonso alembedwa kuti alandire, nangoisunga.

Onani mmene zidayendera. Aliyense adaganiza kuti wina akuchita. Masiku 42 adatha kumayambiriro a Julayi, Maples ali m'chitokosi osadziwa kanthu.

Nanga adamva bwanji? Apa ndi pomwe nkhaniyi imandiwawa. Pa 13 Ogasiti 2003, loya wa boma, yemwe ntchito yake inali kuonetsetsa kuti chilango cha imfa chichitike, adamulembera kalata kundende yomuuza kuti nthawi ya apilo idadutsa, ndipo kuti watsala ndi masabata anayi okha oti akadandaule ku makhothi a boma lalikulu. Yemwe adamuuza zoona ndi womuzenga. Maples adauza mayi ake, ndipo mayiwo ndi omwe adaimba lamya ku New York kufunsa za mlandu wa mwana wawo. Apo ndi pomwe kampani ija idadzidzimuka. Idapempha khothi kuti litulutsenso chigamulo kuti masiku ayambirenso. Khothi lidakana. Makhothi a apilo a Alabama adakana. Makhothi a boma lalikulu, awiri otsatizana, adakananso.

Mwina mukudabwa kuti majaji ophunzira angakane bwanji chinthu choonekeratu chotere. Sadakane chifukwa cha nkhanza. Ankatsata chigamulo cha Khothi la Suprimu cha m'chaka cha 1991, pa mlandu wa Roger Coleman. Ndibwerere m'mbuyo pang'ono kuti ndiufotokoze.

Coleman anali wogwira ntchito mu mgodi wa malasha ku Grundy, m'chigawo cha Virginia. Mu 1982 adagamulidwa kuti aphedwe pa mlandu wogwirira ndi kupha mlamu wake. Dandaulo lake la pa khwerero lachiwiri lidakanidwa pa 4 Sepitembala 1986, ndipo lamulo la Virginia linkapereka masiku 30. Kalata ya apilo idafika pa 7 Okutobala, tsiku la 33. Tsiku la 30 lidagwera pa Loweruka, choncho ena amawerenga kuti adachedwa ndi tsiku limodzi lokha. Kaya limodzi kaya atatu, khothi la Virginia lidataya apiloyo. Nkhani itafika ku Khothi la Suprimu, majaji 6 mwa 9 adagwirizana ndi Virginia. Yemwe adalemba chigamulo ndi Sandra Day O'Connor, ndipo mfundo yake inali iyi: loya ndi nthumwi ya munthu yemwe akumuimira. Chomwe wachita nthumwi wachita ndi womutuma, ndipo chomwe waiwala nthumwi waiwala ndi womutuma. Adaonjeza kuti malamulo aakulu a dzikolo amalonjeza loya wogwira ntchito bwino pozenga mlandu ndi pa apilo yoyamba basi. Pa khwerero lachiwiri lonjezolo palibe, kotero sungadandaule kuti akulanda chinthu chomwe sadakulonjeze. Coleman adaphedwa pa mpando wa magetsi pa 20 Meyi 1992.

Ndiyenera kumaliza nkhani ya Coleman mwachilungamo. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti adaphedwa wosalakwa, ndipo chithunzi chake chidatuluka pachikuto cha magazini ya Time. Koma mu Januwale 2006, bwanamkubwa wa Virginia Mark Warner atalamula kuti ayezenso umboni ndi njira ya DNA, zotsatira zidaonetsa kuti Coleman adapalamuladi. Ena amati pamenepo nkhani yatha. Ine ndikuti siidathe. Majaji a mu 1991 sankadziwa zomwe DNA idzanene patapita zaka 15, ndipo lamulo lomwe adakhazikitsa silifunsa ngati munthu ndi wolakwa kapena ayi. Limafunsa tsiku lomwe lili pachidindo.

Mfundo ya nthumwi ija ndi yabwino pa zamalonda. Mukatuma munthu kukagula feteleza, mumasankha nokha wotuma, mumamulipira, mumamufunsa madzulo kuti zayenda bwanji, ndipo akakukhumudwitsani mumamuchotsa. Nanga wamndende? Loya sadasankhe yekha, ndalama zolembera wina alibe, lamya sangaimbe nthawi yomwe wafuna, ndipo makalata a khothi samufika. Kunena kuti munthu wotere ndiye bwana wa loya wake, n'kunena za m'buku, osati za m'ndende.

Mu 1996, Pulezidenti Bill Clinton adasainira lamulo lomwe lidaika malire a chaka chimodzi pa pempho lopita ku makhothi a boma lalikulu. Chaka chimamveka chachitali, koma kawerengedwe kake n'kosokoneza: wotchi imayamba, imaima pomwe dandaulo lili m'makhothi a chigawo, kenaka imapitiriza pomwe idalekera. Maloya ambiri adapunthwa pamenepa. Ndipo kuti muone kuuma kwa malamulo a masikuwa, mu 2007 khothi lomwelo lidagamula mlandu wa Keith Bowles wa ku Ohio. Jaji adalakwitsa yekha, namupatsa masiku 17 pomwe lamulo limalola 14. Loya adapereka apilo tsiku la 16, mkati mwa nthawi yomwe jaji adanena. Majaji 5 mwa 9 adati wachedwa basi.

Kusintha kudayamba mu 2010 ndi mlandu wa Albert Holland wa ku Florida. Ameneyu sadangokhala. Adalembera loya wake makalata ambirimbiri, kumukumbutsa za malire a chaka chimodzi aja, mpaka kumutchulira lamulo lake. Ataona kuti sakuyankhidwa, adapempha khothi la Florida kuti limuchotsere loyayo. Adamukana, ati munthu yemwe ali ndi loya sayenera kudzilembera yekha ku khothi. Khothi la Florida litakana apilo yake, loya sadamuuze. Adazitulukira yekha m'laibulale ya kundende mu Januwale 2006, ndipo m'mawa mwake adalemba pempho lake ndi dzanja n'kulitumiza, litachedwa kale ndi masabata pafupifupi asanu. Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Holland adamva m'mimba ndithu, koma kiyi wa chitsekocho anali m'thumba la munthu wina. Apa majaji 7 adati khalidwe la loya likafika poipa chonchi, khothi likhoza kukhululukira kuchedwa. Koma adachenjeza kuti kulakwitsa wamba, monga kuwerenga masiku molakwika, sikokwanira.

Tsono tibwerere kwa Maples. Pa 18 Januwale 2012 Khothi la Suprimu lidagamula mokomera iye, majaji 7 kwa awiri. Ruth Bader Ginsburg, yemwe adalemba chigamulo, sadagwetse lamulo la Coleman. Adati loya akalakwitsa, lamulo lija likhalebe: wolipira ndi wamndende. Koma loya akathawa mlandu osatsanzika, sakhalanso nthumwi, ndipo zochita zake sizingasenzetsedwe munthu yemwe sankadziwa n'komwe kuti watsala yekha. Jaji Samuel Alito, povomereza, adawerenga zinthu zisanu ndi zitatu zomwe zidalakwika motsatizana kuti Maples aphonye tsiku. Antonin Scalia ndi Clarence Thomas adatsutsa, ati loya wa ku Huntsville analipo ndipo kalata adailandira.

Ndidakondwa ndi chigamulochi, koma taonani pomwe chikutisiya. Wamndende yemwe loya wake adathawiratu ali ndi mwayi kuposa yemwe loya wake adakhalapo koma n'kusokoneza kalendala. Kwa munthu ali m'chitokosi, kusiyana kwake n'kotani? Onse awiri adadalira munthu wophunzira, onse awiri adataya apilo popanda cholakwa chawo pa nkhani ya tsikulo. Mmodzi amvedwa, wina ayi, malinga ndi kukula kwa tchimo la munthu wina.

Nanga maloya olakwitsawo zimawathera bwanji? Mu 2014 mtolankhani Ken Armstrong wa bungwe la The Marshall Project adafufuza milandu ya anthu ogamulidwa kuphedwa kuyambira pomwe lamulo la 1996 lidayamba kugwira ntchito. Adapeza milandu 80 momwe malire a chaka chimodzi adaphonyedwa. Pa nthawiyo, 16 mwa anthuwo anali ataphedwa kale. Mwa maloya onsewo, adapeza mmodzi yekha yemwe bungwe losungitsa mwambo wa maloya lidamulanga chifukwa chophonya tsikulo, ndipo chilango chake chinali chidzudzulo chabe.

Zifukwa zake sizovuta kuziona. Kuti bungwe la maloya lichitepo kanthu, pamafunika wodandaula, ndipo wodandaula wake ali m'ndende kapena m'manda. Kusumira loya kuti alipire chipepeso n'kovuta koposa, pakuti m'zigawo zambiri za America wamndende ayenera kuyamba waonetsa kuti mlandu wake udafafanizidwa kapena kuti sadalakwe, pomwe njira yoonetsera zimenezo ndi apilo yomwe loyayo adataya. Palinso manyazi a pakati pathu. Loya yemwe watenga mlandu mwaulere kapena pa malipiro ochepa, anzake amachita naye chisoni, amati tikamulanga mawa sipapezeka wodzipereka. Ndipo vuto lina ndi ili: loya yemwe waphonya tsiku akapitiriza kugwira mlanduwo, kuti apulumutse munthu wake ayenera kuimirira pamaso pa jaji n'kunena kuti ine ndidamutaya munthuyu. Ndi angati angadzizenge okha chotero? Khothi la Suprimu lidadandaula pa mlandu wa Maples kuti kampani ija idapitiriza kumuimira kwa nthawi ndithu vutoli litachitika, pomwe mfundo yamphamvu yomupulumutsira inali yoneneza kampaniyo.

Musandimve ngati ndikuti masiku a malire achotsedwe. Ali ndi ntchito yake. Abale a anthu awiri omwe Maples adapha nawonso ndi anthu, ndipo sayenera kumangoitanidwa ku khothi moyo wawo wonse. Mboni zimamwalira, zina zimaiwala. Komanso pa mlandu wa imfa, kuchedwetsa kulikonse ndi phindu kwa wogamulidwa, choncho majaji amaopa kuti akafewetsa, maloya ena azichedwa dala. Mantha amenewa ndi omveka. Koma ngati woopedwayo ndi loya, ndodo igwere loya. Khothi lili ndi mphamvu yomulipiritsa chindapusa, yomuchotsa pa mndandanda wa opatsidwa milandu, ndi yomupereka ku bungwe lake kuti limulande chiphaso. Loya yemwe akudziwa kuti kuchedwa kumudyera chiphaso sachedwa dala. Landirani pepala, langani wochedwayo. Ndipo kalaliki azitumiza kope ya chigamulo kwa wamndende mwini wake, akhale ndi loya kapena ayi. Pa mlandu wa Maples sitampa imodzi ikadaletsa zaka zisanu ndi zinayi za mkangano.

Kwathu kuno lamulo la kazengedwe ka milandu limalola Khothi Lalikulu kulandira apilo yochedwa pakakhala chifukwa chomveka, koma chifukwacho woweruza akhoza kuchimva kapena kuchikana, choncho si chodalira. Ngati muli ndi mbale yemwe mlandu wake uli pa apilo, musakhutire ndi mawu oti zikuyenda. Funsani loya kuti tsiku lomaliza ndi liti, mulilembe nokha, ndipo akati wapereka, pemphani kope yomwe ili ndi chidindo cha khothi. Loya wabwino sakwiya ndi funso limeneli. Kwa anzanga a ntchito imodzi omwe muli muno, mukamasiya ntchito pamalo, lemberani khothi ndi munthu aliyense yemwe mukumuimira, musanalongedze mabuku.

Ndisaiwale kukuuzani komwe nkhani ya Maples idafika. Chigamulo cha 2012 sichidamutulutse m'ndende, ndipo sichidanene kuti sadalakwe. Chidangotsegula chitseko kuti makhothi a boma lalikulu amve dandaulo lake. Makhothiwo adaliona, nakankhirana uku ndi uku, mpaka mu 2022 jaji wa khothi la boma lalikulu ku Alabama adagamula kuti maloya ake oyamba aja adalepheradi pa gawo la chilango, ndipo adachotsa chilango cha imfa. Dandaulo lomwe jajiyo adalivomera ndi lomwe lija lidaperekedwa koyamba mu Ogasiti 2001.

A Wapampando, ndaona a Msungichuma akundiloza wotchi.